Kodi sefa ya mfuti imaletsadi wakuba? Malangizo kwa ofuna kugula ndi kuimangirira m'nyumba

Munthu akalowa m'sitolo kukagula sefa ya mfuti, chimene chimayamba kumukopa maso ndi chitseko chonyezimira, chogwirira chachikulu, ndi mipiringidzo yonenepa imene imatuluka m'mbali mwa chitsekocho akapotoza chogwiriracho. Wogulitsa amamuuza kuti ayese kuikankha, ndipo akaona kuti siikusuntha, mtima umakhala pansi. Koma funso lofunika koposa limatsala osafunsidwa: wakuba atalowa m'nyumba eni ake atachoka, bokosi limeneli lingamuchedwetse kwa mphindi zingati?

Yankho langa ndi lakuti sefa ndi yoyenera kugula, ndipo aliyense wosunga mfuti m'nyumba ayenera kukhala nayo, koma chimene imakupatsani ndi nthawi basi. Palibe sefa ya m'nyumba imene singatseguke. Imachedwetsa wakuba, imamukakamiza kuchita phokoso, ndipo imafuna kuti abwere ndi zida zimene akuba ambiri sayenda nazo. Kuchuluka kwa nthawiyo kumadalira pang'ono mtengo wa sefayo, koma kumadalira kwambiri malo amene mwaiika, mmene mwaimangirira, ndi anthu amene akudziwa kumene kiyi amakhala. Malangizo otsatirawa ndawasanja monga mmene munthu angachitire kuyambira tsiku limene waganiza zogula.

Choyamba: dziwani wakuba amene mukufuna kumuletsa

Akuba safanana, ndipo sefa imene ingagonjetse mmodzi imakhala chabe kwa wina. Wakuba wofala kwambiri ndi amene amathyola zenera masana anthu ali kuntchito, n'kuthamangira kuchipinda chogona kukavundukula matiresi, kukhuthula madirowa ndi kugwetsa zovala za m'wadiropu. Iyeyu ali ndi mantha, akufuna kutuluka msanga, ndipo chida chimene ali nacho ndi chomwe wathyolera zenera. Mfuti yobisidwa pansi pa pilo kapena pamwamba pa wadiropu amaipeza m'kanthawi kochepa, chifukwa malo amene inu mumaona ngati obisika ndi amene iye amayambira kufufuza. Kwa wakuba wotere, ngakhale sefa ya mtengo wapakatikati, ikakhala yomangiriridwa bwino, ndi yokwanira.

Wachiwiri ndi wa m'nyumba momwemo: mwana wofuna kuonetsa anzake, mbale amene wabwera kudzacheza ali ndi ngongole, wantchito, kapena munthu amene maganizo amusokonekera. Pano sefa imagwira ntchito yaikulu kuposa pena paliponse. Pa 11 March 2009, mnyamata wa zaka 17 ku Winnenden m'dziko la Germany anapha anthu 15 ndi mfuti ya bambo ake. Bamboyo anali ndi mfuti zambiri zovomerezeka zimene ankazitsekera m'sefa, koma imodzi ankaisunga m'chipinda chogona, ndipo imodziyo ndi imene mwanayo anatenga. Khoti linapeza bamboyo wolakwa.

Wachitatu ndi amene wauzidwa kuti m'nyumba mwakuti muli mfuti, ndipo wabwera ndi anzake, ndi girayinda ya batire, akudziwanso kuti inu mwapita kumaliro kumudzi ndipo simubwera mpaka Lamlungu. Sefa wamba siingamuletse munthu ameneyu. Wachinayi ndi wachifwamba amene amakupezani muli m'nyumba n'kukulamulani kuti mutsegule nokha. Pamenepo kukhuthala kwa chitsulo kulibe ntchito, ndipo ndikunena mosabisa kuti mutsegule, chifukwa moyo wanu ndi wa ana anu sungasinthanitsidwe ndi mfuti. Awiri omalizawa mumawaletsa ndi chinsinsi, ndipo ndibwereranso ku nkhaniyi.

Chachiwiri: funsani zimene lamulo la kumene mukukhala likufuna

Musanagule, pitani kwa apolisi amene amaona za malaisensi a mfuti, chifukwa m'maiko ena sefa siili pa kufuna kwa mwini. Ku South Africa, kumene kuli anthu ambiri olankhula Chichewa, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004, limati mfuti imene simunainyamule m'thupi kapena imene simukuiyang'anira nokha iyenera kukhala yotsekeredwa m'sefa yovomerezeka. Muyezo wa masefawo ndi SANS 953-1, ndipo sefa iyenera kumangiriridwa kukhoma kapena pansi. Wapolisi woona za mfuti ali ndi mphamvu yobwera kudzaiona. Kutaya mfuti chifukwa chosasamala ndi mlandu pakokha, ndipo kungachititse kuti munthu aletsedwe kukhalanso ndi mfuti. Dziwaninso kuti laisensi kumeneko imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, choncho musalole kusungira mnzanu mfuti m'chipinda chanu chifukwa cha chinansi, pakuti kusungira munthu wina mfuti kuli ndi ndondomeko yake yolembedwa.

Ku Britain, apolisi amabwera kunyumba kudzaona posungira asanapereke satifiketi, ndipo muyezo umene makabati a mfuti amatsata ndi BS 7558 wa mu 1992. Ku Germany, kuyambira mu July 2017, sefa yatsopano iyenera kufika pa muyezo wa EN 1143-1, gawo 0 kapena kuposerapo, umene ndi wolimba kwambiri kuposa wa ku Britain. Ku Malawi, mfuti zimayendetsedwa ndi Firearms Act ya mu 1967 kudzera kwa apolisi, ndipo njira yabwino ndi kuwafunsa iwowo zimene adzafune kuona. Chimene lamulo likufuna chitengeni ngati poyambira chabe, pakuti sefa ingathe kukhutiritsa wapolisi koma osamuvutitsa wakuba.

Chachitatu: yang'anani chitsulo, osati penti

Apa ndi pamene ogula ambiri amanyengeka, ndipo ndikhalapo pang'ono. Masefa ambiri a mfuti ogulitsidwa m'masitolo aakulu amaoneka okhuthala, chitseko chake nthawi zina chimafika kukhuthala kwa dzanja lotambasula. Koma mukachotsa nsalu yam'kati, mumapeza kuti chitsulo chenicheni ndi chopyapyala, chopindidwa ngati bokosi, ndipo m'kati mwake munadzazidwa mabolodi a gypsum, omwe aja amagwiritsidwa ntchito pa siling'i. Mabolodiwa amawonjezera kulemera ndipo amathandiza pa moto, chifukwa akatenthedwa amatulutsa madzi amene ali m'kati mwake, koma kwa wakuba si kanthu, amaphwanyika ndi hamala.

Choncho funsani wogulitsa kuti chitsulo cha zipupa ndi chokhuthala mamilimita angati, ndipo cha chitseko ndi mamilimita angati, osawerengera zodzazira. Masefa ochokera ku America amalemba kukhuthalaku ndi mawu akuti gauge, ndipo nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti chitsulocho ndi chopyapyala. Gauge 14 ndi pafupifupi mamilimita 1.9, gauge 12 ndi mamilimita 2.7, gauge 10 ndi mamilimita 3.4, pamene gauge 7 ndi pafupifupi mamilimita 4.5. Kusiyana kwa milimita imodzi kumaoneka kochepa papepala, koma chitsulo chikakhuthala kawiri, kuuma kwake popinda kumawonjezeka kasanu ndi katatu. Malangizo a apolisi a ku Britain amati kabati ya mfuti isachepere mamilimita 2. Ine ndingalangize kuti ngati thumba likulola, zipupa zikhale mamilimita 3 kapena kuposa, ndipo chitseko chikhale ndi chitsulo chathunthu cha mamilimita 6 kupita m'mwamba. Wogulitsa akazemba funso limeneli n'kuyamba kukuwerengerani mipiringidzo, dziwani kuti yankho silabwino.

Mipiringidzo yambiri si chizindikiro cha kulimba. Tsegulani chitseko, ndipo ngati n'kotheka pemphani kuti achotse chophimba cham'kati muone chimene mipiringidzoyo yagwirako. Kawirikawiri mpiringidzo wonenepa umakhala waufupi, womangidwa ndi kabawuti kakang'ono pa kachitsulo kopyapyala, kotero kuti chitseko chikakanulidwa mwamphamvu, kachitsuloko kamapindika ndipo mipiringidzo yonse imagonera limodzi. Onaninso felemu imene mipiringidzoyo imalowa kuseri kwake. Ngati mungathe kuigwedeza ndi dzanja, ndiye kuti idzagonja. Kenako tsekani chitseko muone mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu: ukakhala woti nsonga ya chitsulo chokanulira ingalowemo, sefayo yapereka kale polowera. Gwirani ngodya yam'mwamba ya chitseko chotsegula, pondani ngodya yam'munsi ndi phazi, mukoke. Chitseko chabwino sichipotoka.

Ena amaopa mahinjesi a kunja poganiza kuti wakuba adzawadula. Ngati kumbali ya mahinjesi kuli mipiringidzo kapena mlomo wachitsulo wolowa kuseri kwa felemu, kudula mahinjesi sikutsegula chitseko. Chimenechi ndi chimene muyenera kuona, osati mbali imene mahinjesi ali.

Tsopano za zilembo zomatidwa pa sefa. Chodziwika kwambiri pa masefa a ku America ndi RSC, chimene chimaperekedwa ndi bungwe la Underwriters Laboratories. Pa gawo lake loyamba, limene masefa ambiri a mfuti ali nalo, tanthauzo lake ndi lakuti sefayo inapirira kwa mphindi 5 pamene munthu mmodzi ankaigumula ndi zida zamanja monga hamala yaing'ono, sikuludiraiva ndi chitsulo chachifupi chokanulira. Muyezo wa BS 7558 nawonso ndi wa mphindi 5 ndi zida zamanja. Musapeputse mphindi zimenezi, chifukwa oyesawo ndi akatswiri odziwa pofooka pa sefa iliyonse, ndipo wakuba wamba angatenge nthawi yotalikirapo. Komabe zindikirani kuti m'mayesowa mulibe girayinda. Masefa okhala ndi zizindikiro za TL-15 ndi TL-30, amene amapezeka m'masitolo a golide ndi miyala yamtengo, ali m'gulu lina. Chitseko chawo chimapirira mphindi 15 kapena 30 za ntchito yeniyeni, wotchi ikuimitsidwa nthawi iliyonse imene chida chachoka pa sefa, ndipo thupi lake limakhala lolimba mofanana ndi chitsulo cha mamilimita 25. Mtengo ndi kulemera kwake n'zosafikirika kwa anthu ambiri, ndipo kwa munthu wa mfuti imodzi kapena ziwiri sindikuona chifukwa chofikira kumeneko. Chizindikiro cha moto nacho chisakusokonezeni: sefa yolembedwa kuti imapirira moto kwa mphindi 30 siinanene chilichonse chokhudza akuba.

Kumene masefa ovomerezeka ndi osowa kapena okwera mtengo, anthu ena amapita kwa owotcherera zitsulo kuti awapangire. Ngati lamulo la kwanuko silifuna chizindikiro cha muyezo, njirayi siyoipa, ndipo bokosi la chitsulo cha mamilimita 5 lowotchereredwa bwino lingapose sefa yokongola ya m'sitolo. Koma chitseko chilowe m'kati mwa felemu, msoko uliwonse uwotchereredwe kuyambira koyamba mpaka kumapeto osati modontheza, ndipo loko akhale wa m'kati. Loko wopachika kunja amadulidwa mosavuta, ndipo bokosi lonse limangolimba monga mmene lokoyo alili. Kumbukiraninso kuti wowotchererayo ndi anyamata ake adziwa chimene mukufuna kusungamo, pokhapokha mutawauza zochepa.

Chachinayi: sankhani loko

Maloko alipo a mitundu inayi: a kiyi, ozungulitsa manambala, odina manambala, ndi ozindikira chala. Wa kiyi wautali wa mano mbali zonse ziwiri ndi wodalirika ndipo safuna batire, koma vuto lake ndi lakuti kiyiyo ayenera kukhala penapake. Wozungulitsa manambala amachedwa kutsegula koma amakhalitsa zaka zambiri. Wodina manambala ndi wachangu, ndipo wopangidwa bwino alibe vuto, koma pa masefa otchipa pamakhala zofooka ziwiri. Kachitsulo kamene kamagwira mipiringidzo kamakhala pa kasipiring'i kofewa, ndipo kuseri kwa kachivundikiro kumakhala kiyi wapadera wotsegulira batire ikatha, amene loko wake nthawi zambiri ndi wachabechabe. Sefa yotero chitetezo chake ndi cha kaloko kakang'onoko, osati cha manambala anu.

Ozindikira chala afunika kusamala kwambiri. Mu October 2023, masefa a mfuti pafupifupi 61,000 a kampani ya Fortress Safe anaitanitsidwa kuti abwezedwe ku America, chifukwa eni ake ankaganiza kuti alembetsa chala chawo pamene sefayo inali ikadali yotseguka ndi chala cha aliyense. Mnyamata wa zaka 12 anamwalira atatsegula imodzi mwa masefawo. Ngati mwagula ya mtundu umenewu, iyeseni ndi chala chimene simunalembetse, muli nokha, musanaikemo mfuti. Ngati ndi yodina manambala, sinthani nambala yochokera kufakitale tsiku lomwelo, ndipo musaikemo chaka chimene munabadwa kapena manambala a foni yanu.

Chachisanu: sankhani malo, ndipo imangirireni

Gawo lino ndi limene limasiyanitsa sefa yothandiza ndi bokosi longosonkhanitsira wakuba katundu pamalo amodzi. Sefa yosamangirira, ngakhale ikhale ya makilogalamu 150, anthu awiri amaigoneka pa bulangete n'kuikoka mpaka pakhomo, kenako amakaitsegula kwawo mosathamanga. Ngakhale asainyamule, kungoigwetsa chagada kumawapatsa mwayi waukulu, chifukwa munthu amaimirira pamwamba pake n'kutsamira chitsulo chokanulira ndi thupi lonse. Ikakhala chiimire, yogwira kukhoma, mphamvu imeneyo saipeza. N'chifukwa chake ngakhale masefa a TL-15 amayenera kulemera mapaundi 750, amene ndi pafupifupi makilogalamu 340, apo ayi akhale ndi pomangirira.

Malo abwino ndi pangodya ya makoma awiri a njerwa, m'chipinda chimene alendo salowamo, ndipo sefayo isaonekere pazenera kapena pakhomo likatseguka. Iikeni moti mbali imene chitseko chimatsegukira, yomwe ili kutali ndi mahinjesi, igundane ndi khoma. Mukatero, wofuna kukanula amasowa mpata wokankhira chitsulo chake chifukwa khoma limamutchinga. Zipupa za sefa ndi zopyapyala kuposa chitseko, ndipo wodziwa amadula m'mbali kapena pamwamba, choncho mbali iliyonse imene mungaitchinge ndi khoma ndi phindu. Wadiropu yomangidwa m'khoma ndi malo abwino kwambiri pa chifukwa chimenechi, ndipo amene akumanga nyumba angasiye mphako ya njerwa yokwana sefa ndendende. Chipinda chogona cha eni nyumba ndi chimene akuba amayambira, choncho ngati pali chipinda china choyenera, chiganizireni. Galaja ndi nyumba zakunja zipeweni: kumakhala chinyezi, phokoso silimveka, ndipo zida zanu zomwe zili pomwepo.

Nkhani ya zida ndiitsindike. Akuba ambiri sabwera ndi girayinda, koma akaipeza m'nyumba mwanu amaigwiritsa ntchito. Girayinda, hamala yaikulu, piki, nkhwangwa ndi zitsulo zazitali zikhale zotsekeredwa kwina, kutali ndi sefa.

Pomangirira, yambani mwadziwa chimene khoma lanu linamangidwa nacho. Ine ndinaphunzira izi m'nyumba ina ya lendi ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, yopakidwa pulasitala wosalala bwino. Nditayamba kuboola, fumbi loyera la pulasitala linatuluka kwa kamphindi, kenako makinawo anangolowa mofewa ngati ndikuboola chigumu, ndipo chimene chinkatuluka chinali dothi lofiira. Ndinalowetsa bawuti, ndinamanga ndi sipanala, koma m'malo mogwira inangozungulira, ndipo nditaikoka ndi zala inatuluka yonse pamodzi ndi chidutswa cha njerwa. Sefayo ikanaoneka yomangirira kwa aliyense woiona, koma munthu mmodzi akanaizula ndi manja. Nyumba zambiri za kwathu n'zomangidwa chotero, ndipo pansi pake nthawi zambiri pamakhala simenti ya pamwamba chabe yothiridwa pa njerwa zoswa.

Choncho tsatirani ndondomeko iyi. Imikani sefa pamalo ake, ndipo ngati pali kathabwa kapena kamzere ka simenti m'munsi mwa khoma kamene kakuilepheretsa kugunda khoma, kachotseni, chifukwa mpata uliwonse kumbuyo kapena pansi ndi polowetsa chitsulo. Lembani ndi pensulo kudzera m'mabowo a sefayo, muichotse, ndipo onetsetsani kuti mabowowo agwera pakati pa njerwa, osati m'mizere ya pakati pa njerwa ziwiri, komanso kuti simuboola pamene padutsa waya wa magetsi kapena paipi ya madzi. Boolani ndi msomali wa makina wolingana ndi bawuti yanu, ndipo pemererani fumbi lonse lituluke, pakuti fumbi lotsalira limalepheretsa bawuti kugwira. Gwiritsani ntchito mabawuti otambasuka a M10 (okhuthala mamilimita 10) kapena okulirapo, olowa m'khoma mamilimita osachepera 80 osawerengera pulasitala. Ikani mawashala aakulu okhuthala m'kati mwa sefa, kuti mutu wa bawuti usang'ambe chitsulo n'kutulukira kunja ikakokedwa. Awiri kukhoma ndi awiri pansi ndi bwino kuposa anayi mbali imodzi, chifukwa sefa yogwidwa mbali ziwiri siigwedezeka, ndipo chimene sichigwedezeka n'chovuta kuchizula.

Ngati njerwa ndi zofewa, kapena ndi mabuloko a mphako, mabawuti otambasuka sagwira. Pamenepo pali njira zitatu. Mungagwiritse ntchito mankhwala omatira mabawuti, amene m'masitolo a zomangira amawatcha chemical anchor. Mungaboole khoma lonse mpaka kuchipinda chinacho, n'kuika chitsulo chophwatalala kumbuyoko, manati ake akhale m'kati mwa sefa, kenako n'kuphimba ndi pulasitala. Kapena mungakumbe pansi pamalopo n'kuthira konkire yokhuthala masentimita 15 kapena kuposa, n'kudikira masiku 28 kuti ilimbe musanaboole. Khoma la mabolodi kapena la matabwa opyapyala silingagwire sefa konse. M'nyumba za ku Britain zimene pansi pake ndi pa matabwa, mabawuti ayenera kulowa m'mitanda yeniyeni imene yanyamula matabwawo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, pemphani chilolezo choboola, koma simukukakamizidwa kunena zambiri kuposa kuti mukuika sefa ya mapepala ofunika.

Mukamaliza, igwireni pamwamba muikoke ndi mphamvu zanu zonse. Ikasuntha ngakhale pang'ono, ntchito siinathe.

Chachisanu ndi chimodzi: kiyi ndi pakamwa panu

Wakuba akapeza sefa yolimba, sayamba ndi kuigumula, amayamba kufunafuna kiyi, ndipo amayang'ana m'dirowa ya pafupi ndi bedi, m'matumba a majekete opachika, pamwamba pa sefa yomweyo, ndi pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Kiyi akhale m'thupi mwanu. Wapadera asakhale m'nyumba yomweyo pamalo oti angapezeke, ndipo musamuike pamodzi ndi makiyi a galimoto amene mumasiyira otsuka kapena amakaniko, chifukwa kudulitsa kiyi wina sikutenga nthawi.

Ku Britain nkhaniyi amaitenga mwamphamvu. Pa mlandu wa Farrer wa mu 2000, munthu anakanizidwa kuwonjezera nthawi ya satifiketi ya mfuti yake chifukwa mayi ake okalamba, amene analibe satifiketi, ankadziwa pamene kiyi wa kabati ankakhala, ndipo khoti la apilo linagwirizana ndi apolisi. Ena angaone ngati kumeneko n'kuuma mtima, koma mfundo yake ndi yoona kulikonse: amene akudziwa pamene pali kiyi ali ndi mfutiyo m'manja.

Chimodzimodzinso ndi kulankhula. Wakuba wobwera ndi girayinda sabwera mwangozi, amakhala atamva. Amamva kwa amene munawaonetsa mfuti mutamwa, kwa anyamata amene anathandiza kutsitsa sefa m'galimoto, pa chithunzi chimene munaika pa Facebook kapena pa WhatsApp mutapita kosaka, kapena pa katoni ya sefa imene munaitaya pamodzi ndi zinyalala panja pa geti. Ibweretseni itakutidwa, katoniyo muidule n'kuitaya kwina, ndipo ngati mungathe kumangirira nokha kapena ndi munthu mmodzi wokhulupirika, teroni. Ana auzeni kuti za m'chipindacho sizikambidwa kusukulu. Ndikulangizanso kuti ndalama zambiri ndi zokongoletsera zamtengo musazisunge pamodzi ndi mfuti, chifukwa sefa yotsegulidwa kawirikawiri anthu akuona imadziwika msanga, ndipo a m'nyumba ofuna ndalama adzafunanso kiyi.

Chachisanu ndi chiwiri: nthawi imene sefa yagula ikhale ndi woigwiritsa ntchito

Mphindi 20 zimene sefa ingapirire zilibe phindu ngati wakuba ali ndi usiku wonse. Payenera kukhala china chimene chikumuwerengera nthawi: alamu yolira mokweza kapena yotumiza uthenga pafoni, kampani ya chitetezo imene imabwera ikaitanidwa, galu, kapena anansi amene mumamvana nawo ndipo angatuluke atamva girayinda ikulira m'nyumba yopanda anthu. Ngati muli ndi ndalama zochepa, kuli bwino kugula sefa yapakatikati, kuimangirira bwino, ndi kuika kachipangizo ka alamu m'chipinda chimene ilimo, kusiyana ndi kuthera zonse pa sefa yaikulu m'nyumba imene ilibe chodzutsa anthu. Pa mfuti zosakira zimene bolt yake (chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo m'mpope n'kutseka kumbuyo kwake) imachoka, ichotseni muisunge padera, ndipo zipolopolo zikhale m'kachipinda kake kokhoma. Mukachoka kwa masabata angapo, funsani apolisi kapena wogulitsa mfuti wovomerezeka za kukusungirani.

Chomaliza: lembani, samalani, ndipo dziwani chochita zikabedwa

Lembani mtundu wa mfuti iliyonse, kukula kwa chipolopolo chake ndi nambala yake, ijambuleni mbali zonse ziwiri, ndipo jambulaninso sefa ndi mabawuti ake m'kati. Zimenezi pamodzi ndi kope ya laisensi zisungeni kunja kwa sefa, chifukwa ikapita yonse mudzazifuna. Zithunzi za mabawuti ndi umboni wanu kwa apolisi ndi a inshuwalansi wakuti simunachite mosasamala. M'nyengo ya dzinja sefa yotseka imasunga chinyezi, makamaka ya gypsum ndi yogunda khoma lakunja, choncho ikanimo timatumba toyamwa chinyezi, pakani mfuti mafuta pang'ono, ndipo muziitsegula mwezi uliwonse kuona ngati dzimbiri layamba. Batire ya loko isintheni chaka chilichonse, ndipo yesani nambala yatsopano chitseko chili chotsegula.

Mukapeza kuti mwathyoledwa, musalowe ngati mukukayika kuti akubawo akadali m'kati, ndipo musagwire sefa kapena zida zimene asiya, kuti zidindo za zala zisafufutike. Kanenani kupolisi nthawi yomweyo, mutatenga manambala a mfuti aja. Ku South Africa lamulo limapereka maola 24 kuchokera pamene mwadziwa kuti mfuti yabedwa kapena yatayika, ndipo kupitirira nthawiyo osanena ndi mlandu wina pamwamba pa kubedwako. Pemphani nambala ya mlandu, muisunge pamodzi ndi kope ya laisensi, ndipo dziwitsani ofesi imene inakupatsani laisensiyo kuti mfutiyo ilembedwe kuti siilinso m'manja mwanu.